Tsamba Lomaliza la Buku la a Tatya

Njinga ikakuphwerani tayala pa Nimboli, anthu akulozerani kwa a Hanmant Pansare, amene mudzi wonse umangowatchula kuti a Tatya. Shedi yawo ili pansi pa mtengo wa nimu, moyang'anana ndi kachisi, ndipo kumata chubu amakudziwa. Koma konzekerani mafunso. Asanagwire n'komwe pampu, ayamba afunsa kumene mwachokera, amene wakulozerani kwa iwo, ndi chifukwa chake msomali wasankha kukubayirani pafupi ndi shedi yawo pamene misewu ili mbwee m'boma lonseli. Akazi awo, a Kausabai, amati tsiku la ukwati wawo a Tatya ananunkhiza kaye nkhata yamaluwa asanaweramitse mutu. A Tatya satsutsa. Amangoti, "Nanga iwe unkamudziwa amene anaitunga?"

Kukayikira kumeneku sanabadwe nako ayi. Anachita kulandira ngati chuma chamasiye, pamodzi ndi buku.

Bukulo ndi la nyimbo za Kondoba, woyera mtima wa kuno, amene zaka mazana atatu zapitazo ankaolotsa anthu pa mtsinje wa Bhima. Anali munthu wamba wa bwato, wosadziwa kulemba, koma akamapalasa ankaimbira mulungu wathu Vitthal ngati akucheza ndi mnzake wa pa ubwana, nthawi zina mpaka kumukalipira. Ankaphunzitsa kuti m'bwato mulibe wobadwa pamwamba kapena wobadwa pansi, chifukwa likagubuduzika wansembe ndi wofufuta zikopa amamwa madzi amodzimodzi. Nyimbo yake iliyonse imathera pa mawu akuti "atero Kondoba". Omutsatira ndiwo anazilemba pa masamba osasokedwa, amene amakhala pakati pa timatabwa tiwiri, atakulungidwa m'nsalu yofiira.

Tsono nkhani yagona apa. Ife a ku Nimboli timati Kondoba anabadwira kwathu, ndipo umboni ndi bukuli. A ku Sangavi, tsidya linalo, amati anabadwira kwawo, ndipo umboni wawo ndi nkhafi yakuda imene amaisunga a Baburao Shitole. Chaka chilichonse mvula ikayamba, midzi iwiriyi imayenda ulendo wa masiku asanu ndi anayi kupita ku kachisi wamkulu wa ku Pandharpur. Machira a buku amatsogola, machira a nkhafi amabwera pambuyo, akuponda matope opondedwa kale. A Tatya akhala akuyenda patsogolo pamenepo zaka makumi anayi, ndipo khosi lawo limatalika pang'ono likafika dzinja.

Tsiku la kusala kudya, kawiri pamwezi, amamasula nsalu ija m'kachisi, kuvala magalasi, n'kuyamba kuimba maso ali pa tsamba. Bukulo linalembedwa m'zilembo zakale zopotanapotana, zimene pa Nimboli palibe amaziwerenga chimwalirireni agogo a agogo athu. A Tatya amaimba za pamtima, ndipo tsamba amatembenuza kukhosi kukauma. Aliyense amadziwa. Palibe amanena.

Tsamba limodzi lokha silinkatuluka, lomaliza, limene linali m'kathumba kakekake. Bambo awo ali pamphasa yomwalirira anawakokera pafupi n'kuwauza kuti, "Hanmant, tsamba limenelo wodziwa zilembo asadzalione." Atafunsa chifukwa chake, mkuluyo anapempha madzi, n'kumwa, n'kupita ndi yankho lake. A Tatya anadzimalizira okha: tsambalo likunena kuti Kondoba anabadwira ku Sangavi, ndipo tsiku limene lidzawerengedwe, Nimboli idzabwerera kumbuyo kukaponda matope a anthu a Baburao.

Choncho mungathe kuona mmene nkhope yawo inaliri tsiku limene anafika Dokotala Ashwini Jagtap, mayi wofufuza mbiri ya oyera mtima wochokera ku yunivesite ya ku Pune. Mlandu wake woyamba unali wakuti sanabwere pa basi. Anatsika m'bwato lochokera ku Sangavi.

"Tatya, ndamva kuti buku la Kondoba mumasunga ndinu," anatero mayiyo atawerama kugwira mapazi awo.

A Tatya anabweza mapaziwo pansi pa benchi. "Mwamva kwa ndani, Madamu?"

"Kwa aliyense. Ngakhale a Baburao anandiuza."

"Ehe! A Baburao. Anakupatsani tiyi?"

"Anandipatsa."

"Wa mkaka?"

"Wa mkaka, inde."

"Baburao sathira mkaka mwaulere," anatero a Tatya, akumiza chubu m'beseni ngati akufuna chiulule kanthu.

Mayiyo anafotokoza modekha kuti wayenda midzi khumi ndi iwiri kufufuza za Kondoba, ndipo konseko wapeza zoimba pakamwa zokha. Buku lolembedwa pamanja ndi ili lokha. Iye zilembo zakale amaziwerenga, ndipo akungofuna kudziwa kuti linalembedwa liti, ndi ndani, ndiponso kuti ndi nyimbo ziti zimene zilidi za Kondoba mwiniwake.

"Zilidi zake? Kodi pali zina zoba?"

"Sindinatero, Tatya."

"Simunatero, koma mlomo wanu unatsala pang'ono."

Mlungu wonse anamuzemba. Lolemba anati makiyi a bokosi asowa. Lachiwiri anati nyenyezi sizili bwino. Lachitatu anamutumiza kwa wansembe, amene anam'bweza kwa a Tatya. Mayiyo sanakwiye, anangobwereka chipinda kwa mphunzitsi wopuma ntchito, n'kumabwera m'mawa uliwonse kudzakhala pa benchi ya pa shedi. Choipitsitsa, anagwirizana ndi a Kausabai, mpaka kumawathandiza kuphika mikate yamapira. A Tatya anayamba kuyang'ana mikateyo mbali zonse ziwiri asanainyeme.

Kenako anapeza nzeru. Kuno kuli mwambo wakuti buku lopatulika likakalamba silitayidwa kudzala ndipo silitenthedwa, limaperekedwa kwa mtsinje mwaulemu. Bukuli njenjete zinali zitalidya mpaka masamba ena ankaoneka ngati sefa. Analengeza ali pa chakudya chamasana kuti nthawi yakwana, Kondoba abwerere kumadzi ake.

A Kausabai sanatchulepo dzina la amuna awo chikwatiwireni, monga amachitira amayi a msinkhu wawo, koma mawu akuti "inu" amatha kuwanola mpaka kumeta ndevu.

"Inu," anatero, akuwaikira ndiwo, "mwambowo mwaumva mbali imodzi ngati belu la njinga. Buku limapita kumtsinje likakopedwa kaye, lina latsopano n'kukhala m'malo mwake. Akopere ndani? Inu?"

"Ndili ndi magalasi."

"Magalasi muli nawo. Chaka chatha munaimba nyimbo zitatu tsamba lili chadodolido, miyendo m'mwamba."

"Unaona bwanji iwe, suwerenga?"

"Pali kachithunzi ka nsomba pakona. Nsombayo inkasambira chagada."

A Tatya anatafuna nthawi yaitali. Anapita kwa mphunzitsi wopuma uja, iye anati zilembo zimenezo zinathetsedwa m'sukulu agogo ake asanamere mano. Anapita kwa wansembe, iye anadandaula maso. Munthu yekhayo wokhoza kukopera buku, kuti limizidwe Madamu asanaliwerenge, anali Madamu yemweyo. Khoswe anali atakhala pa mkhate.

Anavomera, koma ndi malamulo okwana kuyendetsera ndende. Foni ya Madamu izikhala m'chitini cha mavavu a matayala a njinga pa shedi, kuti isajambule. Asadye anyezi kapena adyo masiku onsewo. Asambe m'manja a Tatya akuona. Azikhala pakhonde, ndipo tsamba lililonse azimupatsa okha, n'kulilanda asanapereke linzake. Za kathumba kaja sananene kanthu. Anaganiza kuti Madamu akopera masamba enawo, tsamba lomaliza limira mwakachetechete pamodzi ndi anzake, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ntchito inatenga milungu itatu, ndipo njinga za pa Nimboli zinavutika. Mayiyo ankawerenga mokweza akamalemba, a Tatya ali pambali ngati mlonda wa pa banki, kudikira kuti amugwire akupeka. Koma iye akangoyamba mzere, pakamwa pawo pankamaliza pokha. Tsiku lachitatu anapezeka akuimba. Tsiku lachisanu anamubweretsera tiyi, wa mkaka, ngakhale anafotokoza kuti mkakawo ukanawonongeka.

Anakangana kamodzi kwambiri. Mayiyo ananena kuti m'bukumo muli nyimbo makumi asanu ndi atatu zokha.

"Ine ndimaimba zoposa mazana awiri!"

"Zinazo anapeka ndi anthu omukonda pambuyo pake, n'kuikapo dzina lake kumapeto. Si kuba, Tatya, ndi mmene ankaperekera ulemu. Mwachitsanzo ija mumaimba ya sitima yapamtunda. M'masiku a Kondoba kunalibe sitima."

"Kondoba anali woyera mtima, Madamu. Sitimayo anaionera patali."

"Ndi tikiti yomwe?"

"Ndi tikiti yomwe."

Zinthu zinatembenuka pa tsamba lotsatana ndi lomaliza. Mayiyo anayamba kuwerenga, ndipo kwa nthawi yoyamba pakamwa pa a Tatya sipanatsatire. Inali nyimbo imene sanaimvepo chibadwire.

Katundu wa m'bwato si wa mwini bwato,
ngakhale wagona naye pamadzi masiku ambiri.
Thumba la mchere landizolowera phewa,
ndayamba kulitcha langa.
Vitthal, mnzanga, ukundisekeranji?
Ukuti ndikafika tsidya

Mayiyo anaima.

"Pitirizani," anatero a Tatya.

"Tsamba lathera pomwepa. Payenera kukhala lina."

"Palibe."

"Ndiye kuti njenjete zinadya mathero," anatero mayiyo, akuwayang'ana mwa njira imene a Tatya sanaikonde.

Masiku awiri munthu uja sanali munthu. Anamata chigamba pa chubu chosabooka. Anabweza njinga ya wogulitsa mkaka ilibe tcheni. Ankangong'ung'udza kuti "ndikafika tsidya, ndikafika tsidya," n'kuima ngati mbuzi yafika pothera chingwe. Zaka makumi anayi akudzitama kuti Kondoba yense ali m'mimba mwawo, lero nyimbo yatsala theka, theka linalo lili m'nyumba mwawo momwe, m'kathumba. Anaganizapo kuti mwina Madamu ndi Baburao anapangana kudula nyimboyo dala, koma ngakhale iwo anaona kuti chiwembu chotero chikanafunika kuyambika zaka zana zapitazo.

M'mawa wa tsiku lachitatu anatulutsa kathumba kaja.

"Muwerenge nyimbo yokha. Maso asatsike pansi."

"Tatya, maso si mbuzi yoti n'kuimangirira," anatero mayiyo. "Ndikalitenga ndiwerenga lonse, ndipo ndikopera lonse. Ganizani kaye."

Anaganiza. Kenako anamupatsa.

Nditule, ndipukute thukuta, ndibwerere wopepuka.
Bwato lokana kutula limamira ndi chuma cha eni,
atero Kondoba.

A Tatya anatseka maso n'kuibwereza katatu, kuti ikhale. A Kausabai anali ataima pakhomo, ufa uli m'manja.

"Pansipa pali mawu a mlembi," anatero mayiyo.

"Nenani. Anabadwira ku Sangavi, eti?"

"Za kubadwa palibe. Kunena zoona, palibe pepala lililonse limene ndaona lonena kumene anabadwira. Apa palembedwa zina." Anatsokomola pang'ono. "Akuti: Buku ili ndi la nyumba ya a Shitole a ku Sangavi. Labwerekedwa kwa Ranoji Pansare wa ku Nimboli kwa masiku asanu ndi awiri a mapemphero. Libwezedwe madzi akaphwa."

Ranoji Pansare anali agogo a bambo awo a Tatya. Chithunzi chawo chili m'chipinda chochezera, ndevu zili pe, nkhope ya munthu woti sangabwereke ngakhale singano.

"Chaka chake?" anafunsa a Tatya ndi mawu a munthu wina.

"Papita zaka zana limodzi ndi makumi anayi."

"Inu," anatero a Kausabai, "madziwo aphwa kangati chiyambire?"

A Tatya anayesa njira zonse. Anati Madamu wapeka. Mayiyo anawaonetsa mmene dzina la Shitole limaonekera m'zilembo zakale, ndipo iwo anakumbukira kuti mapotapota omwewo ali pamwamba pa chitseko chakale cha a Baburao. Anamupempha kuti m'buku latsopano mawuwo awasiye. Iye anati wokopera sasankha, ndipo m'zolemba zake za ku yunivesite adzanena zimene waona.

"Mudzanena zimene munaona," anatero a Tatya pang'onopang'ono, "koma tsambalo likakhala pansi pa Bhima, adzakukhulupirirani ndani? Buku lakopedwa. Mwambo wakwanira. Mawa likupita."

Mayiyo anachonderera mpaka misozi inalengeza. Anati masamba amenewo angasungidwe bwino zaka zina mazana, anati kumiza bukulo n'kumiza mboni yokhayo ya Kondoba. A Tatya anangoti mboni zina zimalankhula kwambiri.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, analowa m'bwato atavala zoyera, buku lili pamutu. Theka la mudzi linaima pagombe, Madamu ali pakati pawo ngati wofedwa. Wopalasa anaimitsa bwato pakati pa mtsinje. A Tatya anaika maluwa pa nsalu yofiira ija, n'kugwada. Tsono mwambo umati buku lisanatsikire m'madzi, woliperekayo aimbe nyimbo yake yomaliza. Akanakhala kuti analimiza mwezi wapitawo, akanaimba ina iliyonse ya pamtima. Koma tsopano nyimbo yomaliza ankaidziwa.

Anayamba bwinobwino, mawu ali gwa. Pa thumba la mchere lozolowera phewa mawu anachepa. Pofika pa bwato lokana kutula, anthu a pagombe sankamvanso kanthu. Wopalasa uja, amene ndiye anatiuza zonsezi, akuti a Tatya anakhala chogwada nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi makapu awiri, buku lili lende pamwamba pa madzi. Kenako anayang'ana kumwamba mokwiya n'kunena kuti, "Munapangana. Iwe Vitthal ndi Kondoba wakoyo munapangana kalekale." Ndiyeno anauza wopalasayo kuti, "Ukuyang'ana chiyani? Palasa. Tsidya ilo."

A Baburao Shitole anawapeza pakhonde akusenda mtedza. Ndi munthu wamfupi, wamaso ang'onoang'ono, ndipo pa kukayikira ndi yekhayo m'boma lino amene angapikisane ndi a Tatya. Monga amachitira oyenda ulendo wa ku Pandharpur akakumana, aliyense anathamangira kugwira mapazi a mnzake, mitu n'kugundana. Akhala akugundana chotero zaka makumi anayi popanda kufunirana zabwino.

"Baburao, ndabweza buku lanu. Agogo anabwereka."

A Baburao anayang'ana buku, n'kuyang'ana kuseri kwa a Tatya ngati kuli apolisi. "Liti?"

"Kale pang'ono."

"Hanmant, iwe sunandipatsepo ngakhale mphepo ya pampu yako. Lero buku?"

"Zalembedwa pa tsamba lomaliza. Madamu wawerenga."

"Madamu! Uja amadya kwanu milungu itatu?" A Baburao anasuntha mpando kubwerera m'mbuyo. "Ndakuonera. Njenjete zalitha, ndiye ukufuna lidzafumbutukire m'manja mwanga, anthu azidzati a Shitole anapha buku la Kondoba."

"Ndi lanu, munthu iwe!"

"Ndiye ndikalandira, mawa ubwera ndi Madamu wakoyo kuti nayenso aone nkhafi. Anandiuza yekha kuti kuli makina oyeza zaka za mtengo. Buku ndi nyambo, mbedza ili pa nkhafi. Nyamula, nyamula! Usaliike n'komwe pakhonde langa!"

Anakankhirana bukulo mwaulemu wonse, wina akuti landirani, wina akuti sindingayerekeze, mpaka akazi a Baburao anatulutsa tiyi kuti anthu apume. Analibe mkaka.

A Tatya anabwerera nalo. Ali m'bwato nkhope yawo inayamba kuwala pang'onopang'ono ngati ya munthu amene wapeza pobooka chubu. "N'chifukwa chiyani akuopa makina?" a Tatya anafunsa wopalasa uja. Ine sindinena kanthu za nkhafi ya eni. Ndingoti amene anaionera pafupi amati ili ndi timabowo tiwiri tofanana ndi ta mahinjesi a chitseko.

Madamu analoledwa kujambula masamba onse, ndi lomaliza lomwe, foni itatuluka m'chitini ikununkha girizi. Masamba akalewo anawaika m'mapepala oletsa njenjete, ndipo a Tatya amaimbira buku latsopano, lokopedwa m'zilembo za masiku ano, limene amatha kuliwerengadi, ngakhale amadandaula kuti limawasokoneza. Machira a buku akutsogolabe pa ulendo. Chaka chimenecho a Tatya anauza a Baburao kuti atsogole ndiwo, popeza buku ndi lawo, koma a Baburao anakana, ati kutsogoloko kuyenera kuti kuli dzenje.

Koma katundu wa eni ndi wa eni. Chaka chotsatira madzi ataphwa, a Tatya anavalanso zoyera n'kuoloka kukabweza, a Baburao n'kukananso. Chaka chinacho anawaperekeza anthu khumi ndi ng'oma. Tsopano ndi chaka chachisanu ndi chinayi. Mabwato amakongoletsedwa ndi maluwa, ogulitsa maswiti amamanga misasa magombe onse awiri, buku limakhala pakhonde la a Shitole kuyambira m'mawa mpaka masana lili m'manja mwa a Tatya, akuluakulu awiriwo amakankhirana katatu, anthu n'kuimba ya thumba la mchere, buku n'kubwerera.

Chaka chatha Madamu anabwera kudzaonerera, atatenga buku lake losindikizidwa la mbiri ya Kondoba. Pagombe anafunsa mayi wina wogulitsa maluwa kuti mwambo umenewu unayamba liti. Wogulitsayo anamuyang'ana momumvera chisoni n'kumuuza kuti unayamba zaka mazana atatu zapitazo, anaulamula ndi Kondoba mwiniwake.

Madamu anakafotokozera a Tatya akuseka mpaka kugwira m'mimba. A Tatya sanaseke. Anatembenuza buku losindikizidwa lija kutsogolo ndi kumbuyo, kulinunkhiza, n'kufunsa kuti, "A Baburao mwawapatsanso lawo?"

"Ndawapatsa dzulo."

"Dzulo," anatero a Tatya. "Iwo dzulo, ine lero. Khalani pansi, Madamu, mundifotokozere bwino."